Mjigo wa Pakhola la Alamu

Kwathu kwa Katunga madzi a pamjigo ankawawa mchere. Sindikunena kamchere koti munthu ameze n'kuiwala ayi. Ndikunena madzi oti ukamwa pakhosi pamatsala pakukanda, ukachapira sopo amangotha thovu osaoneka, ukaphikira nyemba umatha mtolo wa nkhuni nyembazo zili gwa. Mijigo inalipo iwiri, yonse yokumbidwa kudambo, kumunsi kwa tchalitchi, ndipo yonse inali chimodzimodzi. Anthu ankatungapo madzi otsukira mbale ndi owaza pabwalo posesa. Akumwa ankakatunga ku Shire, ndipo ku Shire kuli eni ake.

Achemwali anga, amene anandilera mayi atamwalira, anakumana nawo eni akewo m'mawa wina. Ng'ona inawagwira mwendo akuwerama kuti aviike ndowa. Mwayi wake mano anakola chitenje ndi katumba, fupa osalipeza, ndipo azimayi anzawo anawakoka mpaka ng'onayo inapita ndi chitenje ndi chidutswa cha mnofu. Atatuluka m'chipatala anabwerera kumtsinje komweko akutsimphina, popeza ana m'nyumba ankayenera kumwa. Chimene chinasintha n'chakuti tsopano ankanyamula nsungwi yaitali, yomenyera madzi asanayandikire. Nsungwi imeneyo inkakhala yotsamira pakhomo, ndipo ine ndinkadana nayo ngati munthu.

Panthawiyo n'kuti nditaphunzira sayansi ya nthaka mpaka kutopa nayo, ndikugwira ntchito pamalo ena a kafukufuku. Chimene ndinkafufuza, musaseke, chinali mchere wa m'nthaka ya kuchigwa kwathu konkuno. Ndinkadziwa kuuyeza, kuulemba, ndi kuufotokoza pamaso pa anthu ovala mataye, iwo n'kuomba m'manja. Koma ndikafika kumudzi achemwali ankandipatsa madzi a mumtsuko, ozizira bwino, ndipo ndinkamwa ndikudziwa kumene achokera ndiponso mwendo umene wawatsata. Zinkandipweteka, ndipo manyazi ankandigwira osati pang'ono.

Alamu anga, amuna a achemwaliwo, ndiye sankandisiya. Ndi munthu wa mbuzi, wamtali, wonyadira kuti makolo ake anabwera kuno atasenza katundu wa azungu oyamba aja oyenda ndi mtsinje, n'kukhazikika osabwereranso kwawo. Nyumba yawo ndi khola zinali pamtunda wa mchenga, kamtunda kakatali kokhota ngati chikwakwa, kumene mudzi wonse umathawirako madzi akasefukira. Ndikangotsika pa njinga yamoto ankayamba kuitana ana kuti ayale mphasa, afika adokotala a dothi, mwina lero atiuza kuti mchere ndi wamchere. Ndinkawabwezera kuti mbuzi zawo zinaonda chifukwa chomvera nkhani za mbuye wawo. N'chilamu chimenecho, timanyozana n'kudyera pamodzi, koma mawu aja ankalowa ndithu.

Amene ankandikwiyitsa zenizeni anali anzanga a kuntchito. Mudzi wathu unali utasanduka msika wa ofufuza. Kunkabwera mayi wina wa zamitengo, wamfupi, wolankhula mothamanga, amene ankayeza mitengo ndi kufunsa kuti imayoyola masamba liti. Kunkabwera bambo wina wa zamiyala ndi madzi apansi, munthu wofatsa mpaka kutopetsa, amene ankayala mawaya ataliatali, kukhoma zitsulo pansi n'kulowetsa magetsi a batire m'nthaka. Kunkabwera dokotala wa ziweto, wokonda kuseka, amene ankafufuza chifukwa chimene mbuzi za kuchigwa zimanyambitira dothi. Ndiye ine ndi timabotolo tanga. Aliyense galimoto yake, tsiku lake, mafunso ake. Kuofesi tinkamwera tiyi patebulo limodzi, tikukamba za mpira ndi za kusowa kwa mafuta, koma palibe ankafunsa mnzake kuti kodi iwe wapezako chiyani kumudzi kuja. Achemwali ankati aliyense amabwera ndi funso, wobwera ndi madzi palibe.

Kenaka bungwe lina linauza mudzi kuti likumba mjigo umodzi, womaliza m'dera lathu, ndipo makina afika mvula isanagwe. Malo asankhe ndi eni mudzi. Komiti ya madzi inakhala pansi n'kusankha kudambo komwe kuja, chapatali pang'ono ndi mijigo iwiri ija. Ankati ulendo uno akumbe mozama kuti aupitirire mcherewo. Musawaseke, maganizo awo anali omveka: madzi amatsika kumunsi, kudambo n'kumene kumakhala chinyontho mpaka chilimwe, ndipo pamchenga munthu wanzeru sayembekezapo madzi. Okumba nawonso ankakonda kudambo chifukwa sikuchedwa kutulutsa madzi, ndipo ntchito yawo imatha madzi akatuluka, kulawa ndi kwa eni ake.

Nditamva ndinapsa mtima. Ndinawafotokozera achemwali kuti dambo lija ndi la dongo, madzi amaima pamenepo, dzuwa la kuno limamwa madziwo n'kusiya mchere, chaka ndi chaka, mpaka pansi penipeni. Ndinayankhula kwa nthawi ndithu, manja ali m'mwamba. Iwo ankasenda chinangwa osandiyang'ana. Nditamaliza anati:

"Poipa wapadziwa. Nanga pabwino ndi pati?"

Timabotolo tanga tinkadziwa za dothi la pamwamba, pofika khasu ndi chobowolera changa cha pamanja. Za madzi a pansi patalipo sindikanalumbira. Ndipo mjigo unali umodzi. Ukalakwika, achemwali akalamba ndi nsungwi ija m'manja, kapena sakalamba n'komwe.

Lolemba lake ndinalowa m'chipinda cha tiyi ngati munthu wodzaitanitsa mlandu. Ndinawauza anzanga atatu aja kuti akhala akudya nkhuku za kwathu kwa zaka, tsopano nthawi yakwana yoti alipe. Wa ziweto anaseka, nati iye amadziwa mbuzi basi, mijigo ndi ya ena. Wa zamitengo anati kafukufuku wake sanamalize, sangayankhule zosatsimikiza. Wa zamiyala anapukuta magalasi ake kwa nthawi yaitali n'kunena kuti makina ake amayankha funso limodzi lokha, ndipo yankho lakelo limamveka pawiri. Ndinawauza kuti n'chifukwa chake ndikuwafuna onse, popeza ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Sindikudziwa kuti chinawagonjetsa n'chiyani, mfundo zanga kapena mkamwa mwanga, koma Loweruka tinakwera galimoto imodzi, koyamba chiyambireni ntchito.

Tsiku limenelo sindidzaliiwala. Kunatentha monga kumatenthera ku Chikwawa mu Okutobala, mpaka nsapato kumamata pansi. Tinayamba kudambo, ndipo kumeneko kunalibe mkangano. Dothi langa linali loyera mbuu ndi mchere pamwamba. Wa zamiyala anati magetsi ake amadutsa pansi pamenepo mosavuta, ndipo magetsi amatero m'madzi amchere ndi m'dongo. Wa zamitengo anatisonyeza kuti pamera migwalangwa yokha ndi tizitsamba topirira mchere, mitengo yaikulu palibe. Wa ziweto anati mbuzi za mudzi wonse zimasonkhana pomwepo kunyambita. Anthu anayi amene sanapangane, aliyense ndi chida chake, ananena chinthu chimodzi.

Kenaka tinakwera pamtunda wa mchenga. Wa zamiyala anati pansi pa kamtundako magetsi ake amavutika kudutsa. Anafotokoza modekha kuti zimenezi zikhoza kutanthauza madzi abwino ali mumchenga, komanso zikhoza kutanthauza mchenga wouma wopanda dontho, ndipo makina ake satha kusiyanitsa. N'chifukwa chake sanauzepo munthu. Wa zamitengo anaima chilili n'kumufunsa kuti abwereze. Kenaka analoza misangu imene inandandalika pakamtundako, yobiriwira bwino pakati pa chilimwe, ndi mikuyu ikuluikulu pakati pake. Anati mitengo imeneyo singakhale pamalo ouma, mizu yake ikumwa penapake, ndipo siikanakula choncho ikanamamwa mchere wa kudambo. Iye ankadziwa kuti pansipo pali madzi koma analibe poyezera kuya kwake. Mnzakeyo ankadziwa kuya kwake ndi kuti si amchere, koma sankadziwa ngati ndi madzi. Anayang'anana ngati anthu amene akhala moyandikana zaka zambiri n'kungozindikira lero kuti ndi pachibale.

Ine ndinali nditayamba kale kuvina mumtima. Malo amene mawaya ndi mitengo zinagwirizana bwino kwambiri anali pakati pa kamtundako, penipeni pa khola la alamu. Ndinaganiza za nkhope yawo ndikadzawauza kuti asamutse mbuzi, ndipo ndinaseka ndekha.

Amene anathira madzi pamoto anali wa ziweto. Anakanda mutu n'kunena kuti pepani, koma mbuzi zimanyambitanso pomwepo, kuseri kwa kholalo, ndipo iye waziona kambirimbiri. Ndinamuuza kuti mbuzi za alamu ndi zopenga ngati mwini wake. Anati mbuzi ikhoza kupenga pa zina, koma pa mchere sinama. Ndinatenga dothi pamalopo, ndinalisungunula m'madzi, ndinaviikamo kachida kanga koyezera. Mchere unalipo, wambiri, wofanana ndi wa kudambo. Ndinayezanso kuganiza kuti kachidako kasokonezeka ndi dzuwa. Yankho linali lomwelo.

Ndiye zinakhala awiri kwa awiri. Mitengo ndi magetsi zikuti pansi pali madzi abwino, mbuzi ndi dothi zikuti pali mchere. Wa zamitengo anati tingosiya za mbuzizo, mitengo yakhala pamenepo kuposa mbuzi iliyonse. Wa zamiyala anati mwina mchere ukukwera kuchokera pansi kudzera mumng'alu umene mawaya ake sanauone, ndipo zikakhala choncho mjigowo udzawawa ngati inzake. Tinakangana mpaka alamu anatuluka kudzaonerera, atanyamula kampando kawo, akuuza ana kuti abwere aone ophunzira akumenyana chifukwa cha manyi a mbuzi.

Ndinakana zoponya voti. Nthaka ndi imodzi, siidziwa kuti kuofesi tinaigawa m'zipinda, uyu mitengo, uyu miyala, uyu ziweto. Ngati zimene tapeza zili zoona zonse, ziyenera kukwanirana pamalo amodzi, ndipo ngati sizikukwanirana ndiye kuti pali chimene sitinachione. Kutaya umboni wa mbuzi chifukwa ukutisokoneza kukanakhala kubetcha, ndipo chobetcheracho chikanakhala mwendo wotsala wa achemwali. Anzanga anabwerera madzulo. Ine ndinatsala, wokwiya ndi aliyense, makamaka mbuzi.

M'mawa mwake sindinapite kutchalitchi. Ndinakhala pamthunzi wa msangu kuseri kwa khola, ndikuyang'ana malo onyambitidwawo ngati andilankhula. Panali kachulu kakang'ono kosalala, kolimba, kotuwa kusiyana ndi mchenga wozungulira. Ndinali nditakaona dzulo lake osakaganizira, poti kuseri kwa nyumba iliyonse kumakhala kachulu ka zinyalala. Tsiku lonse linatha choncho. Lolemba ndinatumiza uthenga kuntchito kuti sindibwera, ndipo ndinakhalanso pomwepo.

Dzuwa litakwera ndinaona achemwali akuchokera kudambo, beseni lili pamutu, akukwera kamtundako ndi kutsimphina kwawo. M'besenimo munali dothi loyera lija, lopalidwa pamwamba pa dambo. Kwathu azimayi amaphika mchere kuchokera kalekale. Amapala dothi lamchere, amalithira mumphika wobowoka pansi woyalidwa udzu, amathira madzi, ndipo madzi odontha pansiwo amawawiritsa mpaka patsale mchere. Ine ndemwe ndinakula ndikusonkhezera moto wa ntchito imeneyo. Kudambo kulibe nkhuni kapena mthunzi, n'chifukwa chake dothilo amabwera nalo kunyumba. Achemwali anatula beseni, anatenga mphika wosefera umene unali ndi dothi la ulendo watha, anayenda pang'ono n'kukhuthula dothi lothalo pa kachulu kaja. Mbuzi zinathamangira pomwepo zikukankhana.

Abale inu, ndinaseka mpaka misozi. Achemwali anaganiza kuti dzuwa landilowa m'mutu. Mchere umene unatigawanitsa anthu anayi a madigiri sunachokere pansi ayi, unakwera kamtundako pamutu pa achemwali anga, beseni ndi beseni, ndipo iwo asanabadwe unkakwera pamutu pa apongozi awo. Ndinawafunsa kuti bwanji sananene dzana tikukangana. Anati palibe anawafunsa za mchere wophika, tinkafunsana za mbuzi, ndipo iwo sadziwa za mbuzi.

Koma kuseka si umboni. Ndinatenga chobowolera changa n'kuboola pakati pa kachuluko, ndikuyeza dothi lililonse lotuluka. Pamwamba mchere wadzaoneni. Kutsika pang'ono unachepa. Nditapitirira kutalika kwa mkono unatheratu, ndipo kunayamba kutuluka mchenga woyera, wa timiyala tosalala tozungulira, tofanana ndi ta m'mbali mwa Shire, muli tizidutswa ta zigoba za nkhono za mumtsinje. Mchere wochokera pansi ukanachuluka ndikamatsika, uwu unkachepa. Ndipo timiyala tija tinandiuza chinthu china chimene sindinachifunse: kamtunda kokhota kaja kanali njira yakale ya mtsinje, yodzadza mchenga, ndipo madzi saiwala khwawa.

Ndinawaimbira foni onse atatu ndikukuwa. Wa ziweto anabwera yekha mawa lake, anazungulira nyumba zonse za pakamtundako, ndipo anapeza kuti mbuzi zimanyambita kuseri kwa nyumba zophika mchere zokha, kwina ayi. Anasangalala ngati wapeza ng'ombe yotayika, popeza mbuzi zake sizinaname. Wa zamiyala anayalanso mawaya ake modutsa kamtundako, ndipo anapeza kuti malo ovuta kudutsa magetsiwo ndi kamzera kopapatiza kotsata kukhota komweko. Wa zamitengo anati misangu yake ikutsata mzera womwewo, mtengo ndi mtengo. Panalibenso chotsala panja. Umboni umene unkaoneka wotsutsa unalowa m'malo mwake, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anafunika kubweza mawu ake. Chimwemwe cha tsiku limenelo sindinachimvepo pa mayeso aliwonse amene ndinakhoza.

Kunatsala kukopa anthu a m'mudzi. Komiti inaitanitsa msonkhano pabwalo la tchalitchi, ndipo tinayankhula mmodzimmodzi, aliyense za mbali yake, m'chinenero choti agogo amve. Ena anagwedeza mitu kuvomera. Ena anati ana a masiku ano akufuna kukumba madzi pamwamba pa chulu. Mkulu wina wa mpingo anafunsa funso labwino, loti tikalakwa ndani adzamwe manyaziwo. Ndinati ine, ndipo ndinawauza kuti mmodzi wa ife akanabwera yekha akanayenera kumukayikira, koma mitengo siinapangane ndi batire, ndipo mbuzi sizinapangane ndi timiyala ta pansi.

Ndiye alamu anaimirira. Mjigo sukhala pafupi ndi khola, aliyense ankadziwa kuti mbuzi ziyenera kusamuka, ndi chimbudzi chomwe. Anayankha m'Chisena, monga amachitira akafuna kuti mawu alemere, kuti nkhabe, kutanthauza kuti ayi. Khola limenelo anamanga ndi bambo awo, pamalo amene agogo awo anasankha, ndipo makolo awo sanayende mtunda wonse uja kuti adzasamutsidwe ndi mlamu wonyamula timabotolo. Anthu anaseka. Ine magazi anawira, ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndiwayankhe zoti sitikanalankhulananso chaka chonse.

Achemwali anandigwira mkono kuti ndikhale pansi. Iwo si munthu woyankhula pagulu, ndipo sindinawaonepo akutsutsa amuna awo pamaso pa anthu. Anaimirira pakati pa azimayi, anakweza chitenje mpaka pabondo, chilonda chija chinaonekera poyera, chokumbika, chonyezimira. Anati:

"Bambo, mbuzi zili ndi miyendo inayi, zikhoza kusuntha. Ine wanditsalira umodzi."

Alamu anatola kampando kawo n'kunyamuka osanena kanthu, ndipo tonse tinaganiza kuti nkhani yaipa. Titabalalika tinawapeza kunyumba atavula malaya, akuzula mitengo ya khola.

Makina anafika mitambo itayamba kusonkhana. Mudzi wonse unakwera pakamtundako, ana asukulu, ogulitsa masawu, ngakhale a kutsidya anaoloka kudzaona ophunzira akuchita manyazi. Anzanga atatu anabweranso, osaitanidwa. Chitsulo chinayamba kulowa, ndipo chinkatulutsa mchenga wouma, fumbi lokhalokha, kwa nthawi imene kwa ine inali ngati chaka. Kudambo bwenzi madzi atatuluka kale. Ndinkamva anthu akunong'ona kumbuyo kwanga. Wokumba wamkulu anandiyang'ana kawiri konse ndi maso ofunsa ngati apitirize. Wa zamiyala anangoti madzi ali pansi pang'ono, mawu ake osanjenjemera, koma ndinaona kuti magalasi wawapukuta mpaka atsala pang'ono kubowoka.

Kenaka fumbi linada, linasanduka matope, ndipo matopewo anaphulika m'mwamba n'kutigwera tonse. Ana anakuwa, koma akuluakulu sanasunthe. Madzi otuluka tinawaonapo kawiri konse kudambo, tinavina, n'kudzalira polawa. Tinadikira okumba atsike mapaipi ndi kupopa mpaka madzi ayere. Atayera ndinatunga m'kapu, ndinaviikamo kachida kanga. Nambala imene inaoneka ndinaiwerenga, ndinapatsa wa zamiyala kuti awerengenso, iye anapatsa wa zamitengo. Wa ziweto anayamba kuseka chamumtima, mapewa akugwedezeka.

Achemwali sanafunse za nambala. Anatulutsa kachidutswa ka sopo kamene anakamanga pa mfundo ya chitenje kuchokera m'mawa, anatunga madzi m'beseni lomwe lija la mchere, n'kuyamba kupukusa m'manja. Thovu linatuluka, loyera, lochuluka, mpaka kusefukira m'zigongono. Anakweza manja awiriwo m'mwamba kuti azimayi aone, ndipo nthungululu zimene zinalira pamenepo ndikhulupirira zinamveka mpaka kutsidya. Anthu anakankhana kulawa, ena m'manja, ena m'zipewa. Mkulu wa mpingo uja anamwa, anatseka maso, anamwanso, n'kuyambitsa nyimbo. Ine ndinalira poyera, osabisa, matope ali kumaso, ndipo ndinavina ndi wa zamiyala amene sindinkadziwa kuti miyendo yake imatha kupindika.

Alamu anabwera pomalizira, manja kumbuyo. Ndinawatungira ndekha n'kuwapatsa ndi manja awiri, ndikugwada pang'ono mwachipongwe. Anamwa pang'onopang'ono, anazunguza mkamwa ngati akulawa mowa wa pamaliro. Anati madziwo ndi a mbuzi zawo, popeza ndi zimene zinasunga malowo zaka zonsezi, ndipo adokotala a dothi asaiwale kulemba zimenezo m'mabuku mwawo. Kenaka anapempha kapu ina.

Kuntchito zinthu zinasinthako. Sindinganene kuti tinasanduka angelo, timakanganabe, ndipo wa zamitengo amayankhulabe mothamanga moti theka limandidutsa. Koma tsopano munthu akapeza chinthu chosamveka m'munda mwake amayamba wagogoda pachitseko cha mnzake asanachitaye. Midzi ina itamva inatiitana, ndipo sikuti konse tinapeza njira yakale ya mtsinje. Kwina tinayenda tonse anayi n'kugwirizana kuti pano palibe, musataye makina, ndipo kumeneko tinachoka opanda nthungululu.

Mvula itagwa ndinapitanso kumudzi. Mjigo unali ndi mpanda wake, pamzere pali ndowa ndi zigubu, azimayi akukangana za amene anafika poyamba. Achemwali anali ataphika nyemba ndi nkhuni zochepa, ndipo anandiuza zimenezo kawiri ngati sindinamve. Nditakhala pakhonde ndinaona kuti pakhomo pakusowa chinthu, koma sindinazindikire msanga kuti n'chiyani. Ndinafunsa kuti nsungwi ija ili kuti. Analoza ndi mlomo kumapeto kwa kamtundako, kumene alamu anamanga khola latsopano. Ndinapita kukaona. Inali pamenepo, yopingasa pakhomo pa khola, yomangidwa ndi luzi mbali imodzi, ikutsekera mbuzi.